Mabuku a boma ndi athu: mlimi afunse, ayankhidwe

Chaka chilichonse mvula ikayandikira, mafunso a mlimi amakhala omwewo. Mudzi wathu wapatsidwa mayina angati pa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo? Adasankha mayinawo ndani, ndipo adatsata chiyani posankhapo? Pamalo ogulitsira pafika matumba angati, nanga atuluka angati? Mayankho nawo sasintha. Wina amati zimenezo n'za ku likulu, wina amati bwana atuluka mubwere mawa, winanso amangofunsa kuti wakutumani ndani. Ife timavula chipewa, kuthokoza, n'kubwerera kumudzi ngati kuti tapempha chinthu chosatiyenera.

Alimi anzanga, ndikufuna kunena mosapsatira kuti mayankho oterewa akusemphana ndi malamulo a dziko lino. Ndinenenso kuti mbali ina ya vutoli ili ndi ife eni ake, chifukwa lamulo lotipatsa mphamvu yofunsa lilipo, koma tikulisiya kuti lizidyedwa ndi chiswe m'makabati.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo amene ali pa maudindo amangosungitsidwa mphamvuzo. Gawo 37 la malamulowa limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma ndi nthambi zake zikusunga, ngati uthengawo ukufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito ufulu wake. Gawo 35 limateteza ufulu wolankhula, pamene gawo 38 limateteza ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Komabe kwa zaka zoposa makumi awiri gawo 37 lidali ngati khasu lopanda mpini, chifukwa padalibe lamulo lofotokoza kuti munthu afunse kwa yani, adikire masiku angati, ndipo akakanizidwa apite kuti. Atolankhani ndi mabungwe omwe si aboma adalimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zoposa khumi. Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la Access to Information mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adalisayinira mu Febuluwale 2017, koma lidagonanso zaka zitatu ndi theka kufikira pa 30 Sepitembala 2020 pamene lidayamba kugwira ntchito. Kuchedwa konseku kukutiuza kanthu. Chinthu chopanda mano sachiopa chomwechi.

Anthu ambiri kumudzi amaganiza kuti lamuloli ndi la atolankhani ndi maloya a m'tauni. Ine ndikuti palibe amene chinsinsi cha boma chamupweteka kuposa mlimi wamng'ono, ndipo mbiri yathu ikuchitira umboni.

Amene adaona njala ya 2002 sadzaiwala. Ena a ife tidali ana, koma tikukumbuka gaga, zitsa za nthochi ndi chimanga chachiwisi chimene anthu ankathyola chisadakhwime. M'chaka cha 2000 nkhokwe za boma, zimene zinkayang'aniridwa ndi bungwe la National Food Reserve Agency, zidali ndi chimanga choposa matani 160,000. Pofika pakati pa 2001 pafupifupi chonse chidali chitagulitsidwa. Boma ndi bungwe la IMF adalozana zala pa nkhani ya amene adalangiza zogulitsazo komanso kuchuluka kwa chimanga choyenera kugulitsidwa, koma kwa mlimi funso lalikulu ndi lina: bwanji palibe adadziwa kuti nkhokwe zatha kufikira njala itafika pakhomo? Mndandanda wa ogula chimangacho sudali poyera. Mtengo umene adagulira sudali poyera. Pamene Pulezidenti Bakili Muluzi ankalengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi ya njala, mtengo wa chimanga udali utakwera kangapo, ndipo anthu adali atagulitsa kale mbuzi, njinga ndi malata pa mtengo wa bonya. Kukadakhala kuti mwezi uliwonse chiwerengero cha matumba a m'nkhokwe chinkalengezedwa pawailesi, mfuu ikadamveka nthawi isadathe.

Nkhani ya mathirakitala ndiyo imene ndimafuna mlimi aliyense aidziwe pamtima. Boma lidatenga ngongole ya madola 50 miliyoni ku India, ndipo gawo lina la ndalamazo lidagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144 m'dzina la alimi ang'onoang'ono. Ambiri mwa makinawa sadafike kwa eni ake. Adagulitsidwa motsika mtengo kwa anthu audindo ndi ena ochita bwino, pamene ngongole idatsala pamutu pa tonsefe ndi ana athu. Chimene chidavundukula nkhaniyi ndi madandaulo amene adapita ku ofesi ya Ombudsman, ndipo mmodzi mwa odandaulawo adali mlimi wamba wa ku Rumphi. Mayi Martha Chizuma, amene adali Ombudsman nthawi imeneyo, adatulutsa lipoti lawo mu 2016. Boma lidakatsutsa lipotilo kukhoti, koma mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo lidagwirizana ndi Ombudsman, ndipo akuluakulu a unduna wa zamalimidwe adakakamizika kupepesa kwa Amalawi kudzera m'nyuzipepala. Kupepesa sikudabweze mathirakitala m'minda yathu, zoona. Koma taonani pamene moto udayambira: munthu mmodzi wolima ndi khasu adafunsa kuti makina athu ali kuti.

Mu 2022, pansi pa ndondomeko ya AIP imene idayamba mu 2020, zidadziwika kuti K750 miliyoni yogulira feteleza idalipiridwa ku kampani ya Barkaat Foods ya ku United Kingdom, imene malonda ake odziwika adali a nyama. Pulezidenti Lazarus Chakwera adachotsa nduna ya zamalimidwe, a Lobin Lowe, mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo boma lidayamba kulondola ndalamazo. Nkhani zitatuzi zidachitika pansi pa maboma a zipani zosiyana. Ndatchula dala zimenezi kuti wina asanene kuti ndikuimbira chipani ng'oma. Matenda obisa zinthu sasankha mtundu wa nsalu.

Tsopano lamuloli likuti chiyani? Ofesi iliyonse ya boma, kuphatikizapo khonsolo, unduna ndi makampani a boma, iyenera kukhala ndi munthu wosankhidwa kuti azilandira mapempho a anthu ofuna uthenga. Lamuloli limakhudzanso mabungwe ena omwe si aboma ngati akugwiritsa ntchito ndalama za boma kapena akugwira ntchito m'malo mwa boma. Pempho likhoza kulembedwa, likhozanso kunenedwa pakamwa, ndipo amene sadziwa kulemba ayenera kuthandizidwa ndi ofesala yemweyo kuti pempho lake lilembedwe. Yankho liyenera kubwera pasadathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza moyo wa munthu kapena kumangidwa kwake, nthawi imafupika kufika pa maola 48. Kufunsa n'kwaulere. Chimene angakulipiritseni ndi mtengo wojambulira mapepala basi. Akakukanizani ayenera kupereka chifukwa, ndipo muli ndi ufulu wokadandaula kwa mkulu wa ofesiyo, kenako ku bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission, lomwe lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndipo pomaliza kukhoti. Wobisa kapena kuwononga mapepala dala amapalamula mlandu. Wogwira ntchito m'boma amene waulula zachinyengo mokhulupirika amatetezedwa.

Pali zinthu zimene lamulo limalola boma kusaulula, monga zokhudza chitetezo cha dziko, zinsinsi za munthu payekha ngati matenda ake, ndi zimene zingasokoneze kafukufuku wa milandu. Palibe akutsutsa zimenezo. Koma wina andiuze, chiwerengero cha matumba a NPK ndi Urea amene afika pa EPA chikukhudzana bwanji ndi chitetezo cha dziko? Mtengo umene kontirakitala walandira pokumba mjigo kapena kumanga mlatho wa kumsika ndi chinsinsi cha yani?

Ndidagwirapo ntchito ya ulangizi kwa zaka zingapo, ndipo ndikudziwa mmene mtima wobisa umalowera mwa munthu. Palibe amakuuza kuti uzinama. Amangokuphunzitsa kuti pepala lililonse la muofesi ndi la boma, ndipo boma ndi bwana wako, osati mayi uja waima pakhomo ndi mwana kumbuyo. Mzimu umenewu udachokera kwa atsamunda, amene adatisiyira lamulo losunga zinsinsi za boma, ndipo udakula m'zaka 30 za chipani chimodzi pamene kufunsa kudali kuputa ngozi. Alangizi ambiri amene ndikuwadziwa ndi anthu achilungamo, oyenda pa njinga yakapalasa m'dera limene likadayenera kukhala ndi alangizi atatu. Amabisa chifukwa cha mantha, osati umbava. Ndipo chodabwitsa n'chakuti chinsinsi chimawapweteka iwo omwe. Mayina akadulidwa kumtunda, amene amatukwanidwa pabwalo ndi mlangizi ndi nyakwawa, chifukwa ndiwo ali pafupi. Mlangizi amene wamata pa bolodi kalata yosonyeza kuti dera lake lapatsidwa mayina mwakuti amagona tulo tabwino. Choncho kwa anzanga amene mudakali pantchitoyi ndikuti, mlimi wofunsa si mdani wanu.

Ndamvapo zifukwa zingapo zokanira, ndipo zina n'zomveka ndithu. Ena amati kumata mayina a olandira poyera kumadzetsa nsanje, udani, ngakhale kulozana ufiti. Ndikuvomereza kuti kumudzi zotere zimachitika. Koma kumudzi kulibe chinsinsi cha thumba la feteleza. Likadutsa pa njinga aliyense amaliona. Chimene chimabisika pamene mndandanda sudamatidwe ndi mayina a anthu akufa, midzi yongopeka, ndi achibale a anthu audindo amene akukhala m'tauni. Nambala ya chiphaso cha unzika ndi nambala ya foni zikhoza kuphimbidwa, ndipo n'koyenera kutero, makamaka poti tidaona mavenda akugula ziphaso za anthu osauka kuti akagulire feteleza wotchipa. Dzina ndi mudzi ziwerengedwe pabwalo, anthu onse ali pomwepo.

Ena amati maofesi alibe mapepala, inki, ngakhale magetsi. Nazonso n'zoona, ndipo Malawi Human Rights Commission nayo yakhala ikudandaula kuti ndalama zoyendetsera lamuloli n'zochepa. Komatu mapepala olembera alawansi sasowa. Choko ndi bolodi zilipo pa sukulu iliyonse. Wailesi za m'madera zilipo pafupifupi chigawo chilichonse, ndipo zimafuna nkhani zoti ziulutse.

Chifukwa chimene chimandipsetsa mtima ndi chonena kuti alimi sangamve za manambala. Mayi amene amasunga buku la banki mkhonde, kuwerengetsera chiwongoladzanja cha anthu 25 osaphonya ngakhale tambala, angalephere kuona kuti matumba 600 adalowa, 450 adagulitsidwa, ndipo 150 sakuoneka? Vuto si mutu wa mlimi. Vuto ndi lakuti mapepala amalembedwa m'Chingerezi cha maofesi, ndipo misonkhano yomva maganizo a anthu pa ndondomeko ya chuma cha dziko imachitikira m'mahotela a ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene mlimi wa ku Nthalire kapena ku Makanjira sangafike.

Izi zikutifikitsa pa nkhani ya misonkhano, imene ambiri saidziwa n'komwe. Lamulo la maboma ang'ono la 1998, lomwe lidabwera pamodzi ndi mfundo ija ya mphamvu ku anthu, limati misonkhano ya khonsolo ndi makomiti ake ikhale yotsekukira anthu wamba ndi atolankhani. Khonsolo ikhoza kutulutsa anthu pokambirana nkhani ina yapadera, koma zimenezi ziyenera kuchitika mogwirizana ndi lamulo, osati chifukwa mlonda sadakonde zovala zanu. Pa msonkhano wa khonsolo yonse, umene kawirikawiri umachitika kamodzi pa miyezi itatu, ndi pamene amavomereza ndondomeko ya chuma cha boma lanu, ziphaso za m'misika, misewu yoti ikonzedwe ndi malipoti a ndalama za chitukuko, kuphatikizapo za thumba la CDF limene lidayamba mu 2006. Simungavote, ndipo simungalankhule popanda chilolezo cha wapampando, koma mukhoza kukhala pansi, kumvetsera ndi kulemba. Khansala amene akuona alimi khumi a m'dera lake atakhala kumbuyo ndi makope salankhula ngati mmene amalankhulira m'chipinda chopanda mboni. Lamulo lomweli limapatsanso malo anthu asanu oimira magulu apadera m'khonsolo, ngakhale savota. Kodi m'boma lanu alimi ali ndi mpando pamenepo? Ngati ulipo, akukhalapo ndani, ndipo adabwerako liti kudzakuuzani zimene adamva?

Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi zimenezo zidatizoloweretsa kuganiza kuti khonsolo ndi DC ndi antchito ake basi. Makhansala adabwerera, koma chizolowezi chopita kukamvetsera sichidabwerere. Ngakhale pa makomiti apafupi, VDC ndi ADC, ambiri timangodziwa kuti kuli msonkhano tikaona njinga zatsamira pa mtengo. Makomitiwa amalemba zokambirana zawo. Pemphani kuti mlembi aziwerenge pa msonkhano wa mudzi.

Kudziwa kopanda kulankhula n'kosathandiza, ndipo apa ndi pamene pali minga. Pa malamulo zinthu zasintha ndithu. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo idachotsa milandu youkira boma ndi mawu, imene kale inkamangitsa anthu chifukwa chodzudzula atsogoleri. Mu Julayi 2025 khoti lotanthauzira malamulo oyendetsera dziko lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, lomwe linkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa polisi, likusemphana ndi ufulu wolankhula. Pa zionetsero, lamulo la apolisi limafuna kuti okonza adziwitse DC pasadakhale, kukadatsala maola osachepera 48, ndipo kudziwitsa n'kosiyana ndi kupempha chilolezo. Komabe lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti lagwiritsidwapo ntchito kumanga anthu chifukwa cha zimene adalemba pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo sitidaiwale anthu 20 amene adafa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011.

Koma kunena zoona, mlimi wa kumudzi saopa kwambiri gawo lakuti la malamulo. Amaopa mawu anayi okha: ndikuchotsa dzina lako m'kaundula. Amaopa kuti akafunsa pabwalo adzatchedwa wamwano, wa chipani chotsutsa, kapena adzakumbutsidwa kuti munda akulimawo ndi wa mfumu. Kwa amayi n'zoposa apa, chifukwa ena amauzidwa kuti mkazi salankhula pamaso pa madoda, chonsecho ndiwo amagwira ntchito yambiri kumunda ndipo ndiwo amagona pamzere wa feteleza. Mafumu athu timawalemekeza, ndipo ambiri amafuna chilungamo. Koma thandizo logulidwa ndi misonkho si mphatso ya mfumu, ya phungu kapena ya chipani. Msonkho timalipira tonse, pa sopo, pa mafuta a galimoto imene yatinyamulira mbewu, pa mayunitsi a foni, pa chiphaso cha kumsika. Kumana munthu thandizo chifukwa adafunsa funso ndi kugwiritsa ntchito udindo molakwika, ndipo ofesi ya Ombudsman idakhazikitsidwa kuti izimva madandaulo otere kwaulere.

N'chifukwa chake sindilimbikitsa kuti munthu azipita yekha. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Pempho lichoke m'dzina la kalabu kapena kopaletivi, lisayinidwe ndi wapampando ndi mlembi, ndipo okapereka akhale atatu kapena anayi, amayi ali momwemo. Munthu mmodzi akhoza kuopsezedwa, koma kuchotsa kalabu yonse m'kaundula kumaonekera patali.

Ufulu wolankhulawu uli ndi malire amene ife eni tiyenera kuwasunga. Kuimirira pa msonkhano n'kunena kuti uje ndi wakuba popanda umboni kukhoza kukufikitsani kukhoti, chifukwa munthu akhozabe kukusumirani payekha kuti mwamuipitsira mbiri. Kuonjezera apo, bodza limodzi limagwetsa nkhani khumi zoona. Apa ndi pamene ufulu wopeza uthenga umathandizira ufulu wolankhula. Amene wagwira pepala safunika kutukwana. Amangowerenga kuti kalata ya khonsolo ikuti mjigo udalipiridwa wonse mwezi wakuti, ndipo akufuna aonetsedwe pamene pali mjigowo.

Pang'ono ndikhudzeko za m'nyumba mwathu. Sitingauze DC kuti atsekule mabuku ake pamene msungichuma wa kalabu yathu amakwiya tikamufunsa za ndalama za umembala, kapena pamene atsogoleri a kopaletivi agulitsa soya wa gulu osaonetsa lisiti. Alimi a fodya wa mgwirizano nawonso ali ndi ufulu wolandira pepala la mgwirizano wawo ndi kufotokozeredwa ndalama iliyonse imene yadulidwa pa belo. Chizolowezi chofunsa chimayambira pansi pa mtengo pamene timakumana Lachitatu.

Polemba pempho musachulutse gaga m'diwa. Lembani tsiku, dzina la kalabu, mudzi ndi Mfumu Yaikulu, ndipo nenani kuti mukupempha motsatira lamulo la Access to Information la 2017. Funsani chinthu chimodzi kapena ziwiri zodziwika bwino, mwachitsanzo chiwerengero cha olandira zipangizo zotsika mtengo m'mudzi uliwonse wa m'dera lanu chaka chino ndi chaka chatha, kapena dzina la kontirakitala wa ntchito yakuti, ndalama zimene adagwirizana ndi zimene walandira kale, kapena tsiku ndi malo a msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse pamodzi ndi zokambirana za msonkhano wapitawo. Pempho lonena kuti tiuzeni zonse za ulimi limapatsa ofesala mpata wothawira. Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo aidinde chidindo cha ofesi ndi tsiku limene ailandira, mubwerere nayo. Akakana kudinda, lembani m'kope dzina la udindo wa amene mwalankhula naye, nthawi yake ndi mayina a mboni zanu. Kenako werengani masiku 15, osawerengera Loweruka, Lamulungu ndi masiku atchuthi. Tsiku la 16 likakwana popanda yankho, lemberani mkulu wa ofesiyo, mutumizenso kalata yomweyo kwa atsogoleri a bungwe lathu m'boma lanu kuti aiphatikize ndi ya makalabu ena popita nayo ku Malawi Human Rights Commission.